Maloboti osanduka galimoto: musakopeke ndi chithunzi, luso lili pakati

Tisanapite patali, tiyeni timvane kaye. Maloboti amene ndikunena sabata ino si aja a pamsewu oyaka zofiira ndi zobiriwira ayi. Ndikunena zidole zija zoti ukapinda apa, n'kutembenuza apo, galimoto imasanduka chimunthu chokhala ndi mutu, manja ndi miyendo. Ambiri tinazidziwira m'mafilimu a Transformers. Masiku ano zimatipeza pa foni: bambo wamkulu ndithu, wandevu zake, ali pa TikTok kapena YouTube akupinda Optimus Prime mosamala ngati wagwira dzira.

Ena mukaona zimenezi mumangoti, “Koma anthu ndalama zikawachulukira!” Enanso mumakhumbira, mpaka kuyamba kufufuza mitengo pa intaneti. Nonsenu ndikufuna ndikuuzeni chinthu chimodzi. Wopanga chidole chotere amalonjeza zinthu zitatu kuchokera pa mulu umodzi wa pulasitiki: galimoto yooneka ngati galimoto, loboti yooneka ngati loboti, ndi njira yochokera ku chimodzi kupita ku chinzake. Ziwiri zoyambazo zimaoneka pachithunzi. Chachitatucho sichioneka, koma ndi chimene chimasiyanitsa chidole chopangidwa mwanzeru ndi chongokudyerani ndalama.

Zidole zinayamba, nkhani inabwera pambuyo

Ambiri timaganiza kuti zidolezi zinabadwira m'mafilimu a ku America. Zoona zake n'zakuti zinayambira ku Japan, ku kampani ya Takara. Mu 1980 kampaniyi inatulutsa zidole zotchedwa Diaclone, ndipo mu 1982 inawonjezera maloboti osanduka magalimoto enieni. Yoyamba inali Lamborghini Countach, ndipo anaikonza ndi Kojin Ohno. Mu 1983 kunabweranso gulu lina lotchedwa Micro Change, la maloboti osanduka zinthu monga kamera, wailesi ya kaseti ndi mfuti.

Chaka chomwecho cha 1983, akuluakulu a kampani ya Hasbro ya ku America anaona zidolezi pa chionetsero cha zidole ku Tokyo. Anagula chilolezo, n'kuphatikiza magulu awiriwo, kenako n'kupempha a Marvel Comics kuti azipekere nkhani. Mlembi wina wa kumeneko, Bob Budiansky, ndi amene anapereka mayina ambiri, kuphatikizapo la Megatron. Mu 1984 dzina la Transformers linafika m'masitolo, limodzi ndi makatuni ake a pa TV.

Popeza zidole zinayamba nkhani isanabwere, mtima wa opanga unali pa galimoto. Zinali ndi matayala a mphira, magalasi oonekera mkati ndi mbali zina zachitsulo. Jazz anali Porsche 935, Bumblebee anali Volkswagen Beetle, Starscream anali ndege yankhondo ya F-15. Koma ukazisandutsa loboti, zambiri zinali zouma gwa. Manja ankakwera ndi kutsika, basi. Mpaka lero okonda zidolezi amati zakalezo zinali njerwa.

Chitsanzo chimene chimandiseketsa ndi cha Ironhide ndi Ratchet. Awiriwa anali Nissan Vanette, agogo ake a ma Vanette omwe timapanikizanamo m'mawa uliwonse popita kuntchito. Galimotoyo inkaoneka bwino ndithu, koma lobotiyo inalibe mutu. Nkhope inali kasitika kobisika kuseri kwa galasi lakutsogolo. Chifukwa chake n'chakuti ku Diaclone malobotiwa sanali amoyo: anali makina oyendetsedwa ndi tianthu ting'onoting'ono tokhala mkati. Ojambula makatuni sanavutike, anangowajambulira mitu yokongola. Taganizirani mwana amene waonera Ironhide pa TV, makolo n'kumugulira bokosi, kutsegula n'kupeza chimunthu chopanda mutu!

Pamenepa ndiye pagona nkhani yonse. Wojambula akhoza kufafaniza matayala ngati akumusokoneza. Pa katuni, Megatron ndi chimphona, koma amafota n'kusanduka mfuti yokwana m'dzanja la mnzake. Ngolo ya Optimus Prime imangosowa iye akaimirira, n'kudzatulukiranso akafuna kuyenda. Pulasitiki ilibe matsenga amenewo. Tayala likakhalapo pa galimoto, liyenera kupeza pokhala pa loboti. Kwa zaka zoposa 40 tsopano, akatswiri a Hasbro ndi Takara, yomwe inaphatikizana ndi Tomy mu 2006, akhala akulimbana ndi vuto lomweli.

Ndiye ine ndikagwira chidole chotere, kapena ndikamachionera pa foni, ndimachifunsa mafunso anayi.

Funso loyamba: ziwalo za galimoto zapita kuti?

Chidole chabwino chimagwiritsa ntchito galimoto yomweyo pomanga thupi. Onani Optimus Prime wa 1984. Magalasi akutsogolo a lole ndiwo chifuwa chake. Zitsulo zopitira mphepo kutsogolo kwa injini ndizo mimba. Kumbuyo kwa lole, komwe kumakoka ngolo, kumatsika n'kukhala miyendo. Ukamuyang'ana ali chiimire, umadziwiratu kuti uyu ndi lole. Prowl nayenso, yemwe anali galimoto ya polisi ya Nissan Fairlady Z: boneti ndi chifuwa, ndipo zitseko zimatambasuka kumbuyo kwa mapewa ngati mapiko. Chimene chikanakhala chosowa pochiika anachisandutsa chokongoletsa.

Chidole chofooka chimathawa ntchito imeneyi. Mbali za galimoto zimene zasowa ntchito zimangolendewera pa mikono kapena kuunjikidwa kumsana ngati katundu wa munthu amene akusamuka. Okonda zidolezi amazitcha kibble. Zikafika poipa, umapeza loboti yathunthu yongopindidwa ngati mwana wakhanda, kenako n'kuitsekera m'chigoba cha galimoto. Zimenezi amati shellformer. Kunena zoona pamenepo palibe chimene chasanduka, wangobisa mtedza m'khoko lake.

Palinso chinyengo china chaulemu. Opanga amaika magalasi abodza pachifuwa kuti loboti ifanane ndendende ndi ya pa katuni, pamene magalasi enieni a galimoto awapindira kumsana. Apa anthu amagawanika. Ena amati bola nkhope ya pa TV yatuluka. Ine ndili mbali inayo. Chimene chimandikoka n'kuona chinthu chimodzi chikugwira ntchito ziwiri. Aliyense amene anapangapo galimoto ya mawaya ali mwana akudziwa kukoma kwake pamene waya yemweyo wogwirira ndi amenenso akukhotetsa matayala.

Ngati mukufuna kuona pamene luso limeneli linafika patali, fufuzani zidole za Binaltech za mu 2003, zomwe ku America ankazitcha Alternators. Yoyamba inali Subaru Impreza ya mpikisano, yochepetsedwa maulendo 24 kuyerekeza ndi yeniyeni. Zitseko zinkatseguka, mkati munali mipando ndi chiwongolero, ndipo ukatsegula boneti unkapeza injini. Injini yomweyo ndiyo inkasanduka mfuti ya lobotiyo.

Funso lachiwiri: pali zochotsa n'kuika padera?

Ngakhale Optimus wa 1984 uja anali ndi chilema chake. Zibakera zake zinali zochita kulumikiza. Pomusandutsa lole umazizula n'kuzisunga. Starscream nayenso zibakera ndi timapiko takumchira zinali zozula. Chidole chodalira kwambiri kuzula ndi kubwezera ziwalo amachitcha partsformer.

Vuto lake aliyense wokhala m'nyumba ya ana akulidziwa. Kanthu kakang'ono kakagwa pansi, mawa tsache lakapititsa kudzala. N'chifukwa chake zidole zambiri zakale zogulitsidwa pa intaneti zimakhala zopanda zibakera, ndipo pali anthu amene amagulitsa zibakera zokhazokha. Zidole zopangidwa bwino masiku ano manja amapindikira mkati mwa mkono, kachitseko n'kutseka. Palibe chotayika. Mfuti kapena lupanga likhoza kukhala lochotsa, koma wopanga woganiza bwino amalikonzera pokhala pansi pa galimoto kapena mkati mwake.

Funso lachitatu: imaima yokha, ndipo imagwirana?

Njerwa zija zinayamba kutha m'zaka za m'ma 1990. Gulu la Beast Wars, lomwe linatuluka mu 1996 ndi maloboti osanduka nyama, linafalitsa kalumikizidwe ka kampira kolowa m'kabowo, kofanana ndi mmene fupa la ntchafu limalowera m'chiuno mwa munthu. Mkono unayamba kuzungulira mbali zonse. Ubwino wina ndi wakuti mwana akaukoka mwamphamvu, umangozuka osathyoka, ndipo umabwezereka.

Koma timipira timeneti timakhwepa tikagwira ntchito nthawi yaitali, ndipo sitingathe kunyamula thupi lolemera. Choncho pa zidole zikuluzikulu amaika timano m'mawondo, m'chiuno ndi m'mapewa. Ukamapinda mwendo umamva kuti khe-khe-khe, ndipo pamene wausiya umakhala pomwepo. Mukamaonera vidiyo ya chidole chachikulu, kwezani voliyumu mumve ngati phokosoli lilipo.

Onaninso mapazi. Loboti yonyamula theka la galimoto kumsana, koma yopanda zidendene zotulukira kumbuyo, imagwa chagada wina akangomenyetsa chitseko. Ndipo ikakhala galimoto, mbali zake ziyenera kulumana. Pamakhala timano tolowa m'timabowo, ndipo chidole chabwino umachita kumva kuti “tha!” chikatsekeka. Mipata imatha, matayala onse anayi amagunda pansi, galimoto n'kuyenda. Choipa ukakanikiza kutsogolo, kumbuyo kumayasamula. Ukatseka kumbuyo, chitseko chatseguka. Mpaka thukuta.

Funso lachinayi: pulasitiki yake ndi yotani?

Apa mbiri ili ndi phunziro lowawa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990, zidole zina zinapangidwa ndi pulasitiki yagolide yonyezimira. Zili zatsopano zinkaoneka zapamwamba. Patapita zaka, pulasitikiyo inayamba kuphwanyika ngati bisiketi, nthawi zina chidole chili m'bokosi chosatsegula. Vutoli linatchuka mpaka kulipatsa dzina la matenda, Gold Plastic Syndrome. Black Zarak wa mu 1988 ndi mmodzi mwa odwala odziwika bwino: osonkhanitsa zidole amamufuna kwambiri, koma amene ali naye amaopa ngakhale kumupinda mwendo.

Pulasitiki yoonekera mkati, ija ya magalasi, nayonso siikonda kupanikizidwa. Ngati ndi imene aipangira hinjesi yonyamula denga lonse, yembekezerani ming'alu. Pulasitiki yoyera imasanduka yachikasu ikamawombedwa ndi dzuwa, ndipo dzuwa lathu lino mukulidziwa. Chidole chotere si choika pawindo. Utoto wonyezimira ngati siliva umasupuka, ndipo masitika amamatuka m'makona.

Chodandaula chachikulu cha osonkhanitsa masiku ano ndi mabowo. Pofuna kuchepetsa pulasitiki, zidole zina zimakhala zokongola kutsogolo, koma ukazitembenuza umapeza mikono ndi miyendo ili mphako zokhazokha. Chithunzi cha pabokosi sichidzakuonetsani zimenezo. Ine lamulo langa ndi limodzi: ndionetseni kumsana kaye.

Kuvuta si luso

Mu 2003 Takara inayamba gulu la Masterpiece, lopangira anthu akuluakulu amene anakula ndi makatuni aja. Choyamba chinali Optimus Prime wotalika pafupifupi masentimita 30, wolemera ndi zitsulo, wa zala zopindika. Kuyambira pamenepo mpikisano wakhala wofuna kufananitsa chidole ndi chimene chili pa sikirini. Mafilimu a Michael Bay, kuyambira mu 2007, anawonjezera moto, chifukwa maloboti ake anali a tizidutswa tosawerengeka. Optimus Prime wamkulu wa filimu ya 2009 amatamandidwa mpaka lero kuti anafanana kwambiri ndi wa mufilimu, koma amadziwikanso kuti kumubwezera kukhala lole ndi ntchito yofuna kukhalira pansi.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ena. Iwo amati masitepe akachuluka ndiye kuti chidole ndi chapamwamba. Ine ndimati ayi. Chidole chimene mwini wake anachisandutsa kamodzi, n'kulumbira kuti sadzayesanso, chataya lonjezo lachitatu lija. Chasanduka chiboliboli. Njira yabwino ndi imene manja amaikumbukira okha ukaiyenda kawiri kapena katatu, popanda kutsegulanso pepala la malangizo, ndipo penapake imakudabwitsa mpaka kunena kuti, “Haa, kani mutu umabisala apa!”

Mtengo nawonso si umboni. Mu 2019 Hasbro inapempha anthu osachepera 8,000 kuti alipiriretu pafupifupi madola 575 aliyense kuti ipange Unicron, loboti yosanduka pulaneti, yotalika pafupifupi masentimita 68. Anthuwo anapezeka, chidolecho chinapangidwa. Mu 2021 kampani ya Robosen inatulutsa Optimus Prime wa pafupifupi madola 700, wokhala ndi timamota 27, amene amasanduka yekha ukamulamula ndi mawu. N'zogometsa kuonera, sindikana. Koma kwa ine zili ngati kulipira munthu kuti akudyereni nsima. Ndimagoma kwambiri ndi Optimus wa LEGO wa mu 2022, wa tizidutswa 1,508, amene ukamaliza kumumanga amasanduka lole popanda kumuphwasula. Umaona ndi maso ako mmene hinjesi iliyonse ikugwirira ntchito, chifukwa waiika wekha.

Zidole zinayi zimene ndili nazo pa shelefu yanga ndi zazing'ono, ndipo ziwiri ndinazitola pa kaunjika. Chimene ndimachigwira kawirikawiri si chachikulu pa zonsezo ayi. Ndi kagalimoto kofiira kosanduka pa mphindi imodzi, kopanda chotsalira kumsana, kamene ndimakapinda ndikamadikira kuti magetsi ayake.

Kwa amene mtima wayamba kale kudumpha

Tinene chilungamo: kuno chidole chotere si chotchipa. Chapakatikati, chimene amachitcha Deluxe, chotalika pafupifupi masentimita 14, ku America chimagulitsidwa pakati pa madola 20 ndi 30. Muwonjezerepo mtengo wotumizira ndi msonkho, kenako musinthe kukhala makwacha, muona nokha kuti ndi ndalama yoti munthu akhoza kugulira thumba la chimanga n'kutsala ndi chenji. Ndiye ngati mwaganiza zodzipatsa mphatso ndi malipiro anu, musagule ndi maso okha.

Musanalipire, perekani nsembe ya bandulo pang'ono muonere vidiyo ya munthu akusandutsa chidolecho kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osati ija yodumphadumpha ya masekondi 15. Onani nkhope ndi zala zake. Ngati akulimbana nacho, akupepesa, kapena akuti “apa samalani kwambiri”, mwamva kale. Dikirani mpaka achitembenuze.

Chenjerani ndi zokopera. Pa intaneti pali zidole zambiri zoba mapangidwe a eni ake, ndipo ogulitsa ena amaika chithunzi cha chenicheni. Mnzanga wina anaitanitsa chotere atakopeka ndi mtengo. Chinafika chikuoneka bwino, koma mawondo ali lendelende, ndipo tsiku lachiwiri kachitseko kanatsalira m'manja. Kusanduka kumadalira kuti kadzino kalowe m'kabowo mosatsala mpata, ndipo pamenepo ndi pamene okopera otchipa amalephera. Chenicheni chimakhala ndi chidindo cha Hasbro, Takara kapena Tomy penapake pa mwendo kapena pansi pake, ngakhale okopera ena amabanso chidindocho. Mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani.

Pa kaunjika muli ndi mwayi umene wogula pa intaneti alibe: mumachigwira. Pindani chiwalo chilichonse. Fufuzani timizere toyera pafupi ndi mahinjesi, chifukwa ndi chizindikiro chakuti pulasitiki yatopa ndipo yatsala pang'ono kuthyoka. Werengani manja, mapazi ndi matayala ngati zakwana. Ndipo chikakana kupindika, musachikakamize. Nthawi zambiri ndiye kuti pali sitepe ina imene iyenera kuyamba.

Kwa inu amene muli ndi ana kapena adzukulu m'nyumba, werengani zaka zolembedwa pabokosi. Zambiri za osonkhanitsa amalemba zaka 8 kupita m'mwamba, ndipo za Masterpiece ku Japan amalemba zaka 15. Tizidutswa take mwana wamng'ono akhoza kumeza. Pali zina zopangira ana aang'ono, zosanduka ndi sitepe imodzi kapena ziwiri, ndipo zimenezo ndi zimene zimapirira kugwetsedwa pa simenti.

Pomaliza, wina asakunamizeni kuti mukugula chuma chodzagulitsa modula mtsogolo. Zilipo zakale zimene zinakwera mtengo, makamaka zosatsegulidwa m'bokosi, koma makampaniwa amatulutsanso Optimus ndi Bumblebee watsopano pafupipafupi, ndipo watsopano akaposa wakale, anthu amathamangira watsopanoyo. Ndalama ya lendi kapena ya fizi isalowe m'nkhani imeneyi.

Ndipo ngati mulibe nazo ntchito zogula, palibe vuto. Kuonera n'kwaulere, kupatula bandulo. Tengani vidiyo imodzi usiku uno, muiimitse pakatikati pamene chinthucho sichilinso galimoto komanso sichinakhale loboti, ndipo muyese kulosera kumene tayala lililonse lipite. Makamaka inu amene mukuphunzira za uinjiniya, ukalipentala kapena kusoka, mupezamo funso lomwe mumakumana nalo tsiku lililonse: malo ndi ochepa, zipangizo ndi zowerengeka, ndiye chinthu chimodzi chingagwire bwanji ntchito ziwiri? Mukapeza chidole chimene chayankha bwino mafunso anayi aja, ndiuzeni dzina lake. Tionane sabata yamawa.